Msika wa nkhono za oyster ku Cancale: kugula kwa mlimi munda wake ukuoneka

Msika wa nkhono za oyster wa ku Cancale, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Brittany kumpoto chakumadzulo kwa dziko la France, ndi waung'ono kwambiri moti munthu amene anangomva mbiri yake akhoza kufikapo n'kumafunsabe kuti msikawo uli pati. Ndi mabenchi ochepa chabe ofoleredwa ndi malona a mizere yabuluu ndi yoyera, ndipo aima kumapeto kwa doko la La Houle pafupi ndi nsanja ya nyali yotsogolera ngalawa. Amene amagulitsapo ndi alimi a nkhonozo ndi anthu a m'mabanja mwawo, ndipo malonda awo ndi amodzi basi: nkhono zamoyo zochokera m'minda ya m'nyanja imene ili kumunsi kwa mpanda wa doko. Msikawu umatsegulidwa tsiku lililonse, dzinja ndi chilimwe. Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kum'mawa kwa mzinda wa Saint-Malo, ndipo kunja kukayera bwino munthu amatha kuona chilumba cha Mont-Saint-Michel chili zii kutsidya kwa madzi.

Ambiri a ife amene tinakulira kutali ndi nyanja yamchere sitinazolowere chakudyachi, choncho ndi bwino kunena poyamba kuti oyster ndi nkhono ya zigoba ziwiri imene siyenda ikangokhazikika pamalo, ndipo imadya mwa kusefa madzi n'kutsakamiza tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Chifukwa cha kadyedwe kotereka, chilichonse chimene chili m'madzi a dera limene yakulira, kaya ndi mchere wambiri, kaya ndi madzi a mtsinje, kaya ndi mtundu wa ndere, chimamveka m'kamwa mwa woidya. Ku France amaidya yaiwisi, ikadali yamoyo. Maganizo anga pa msika wa ku Cancale ndi akuti ndi malo abwino koposa ophunzirirapo zimenezi, popeza wogula amadya nkhono akuyang'ana madzi enieni amene anaikuza, koma wogulayo ayenera kudziwa kuti akulawa dera limodzi lokha, ndipo madera ena a m'mbali mwa nyanja amalima ndi kugulitsa nkhono zomwezi m'njira zosiyana kotheratu.

Kagulidwe kake n'kosavuta ngakhale kwa munthu wosadziwa Chifalansa. Pa benchi iliyonse nkhono zimakhala m'madengu kapena m'makireti, dengu lililonse lili ndi chikwangwani chosonyeza mtundu, nambala ya kukula kwake ndi mtengo wa dazeni. Mukasankha, mumanena ngati mukupita nazo kunyumba kapena mukudyera pomwepo. Mukafuna kudyera pomwepo mumawonjezera kandalama kochepa kuti akutsegulireni, ndipo amakuikirani pa mbale yapulasitiki yokhala ndi timaenje togonekapo nkhono iliyonse, pamodzi ndi chibenthu cha ndimu ngati mwachifuna. Mitengo ya mabenchi onse ndi yofanana kapena yosiyana pang'ono, ndipo ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya m'malesitilanti amene andandalika m'mbali mwa doko lomwelo, mtunda wongoyenda mphindi zochepa. Kunenerera mtengo kulibe kuno, ndipo palibe amene amakukokani dzanja kuti mugule pa benchi yake. Ine ndinasangalala ndi ulemu umenewu, chifukwa umapatsa mlendo mpata woyendera mabenchi onse n'kufunsa mafunso asanatulutse ndalama.

Ntchito yotsegula ndi yoyenera kuionerera. Mayi amene ananditsegulira anagwira nkhono m'dzanja lamanzere lovala gulovesi, mbali yakuya ili pansi kuti madzi a m'kati asatayike, n'kulowetsa nsonga ya kampeni kafupi pakati pa zigoba ziwirizo cham'mbali. Anagwedeza mpeniwo pang'ono mpaka unalowa, kenako anaupititsa mokhudza chigoba chapamwamba kuti adule mnofu umene umagwira zigobazo, ndipo chigobacho chinangoti gwaa, n'kuchoka. Zonsezi zinatenga nthawi yochepa kuposa imene yanditengera kuzilemba. Pa mbale yonse panalibe nkhono imene inabooledwa pamimba, ndipo tizidutswa ta chigoba tinali tochepa kwambiri. Nditadonthezera ndimu m'mphepete mwa nkhono imodzi, kamphonje kakuda ka m'mbali mwake kanakhwinyata, chimene ndi chizindikiro chakuti ndi yamoyo. Nkhono imene yayasamula yosatsekanso ikagogodedwa, kapena imene siikhwinyata ikakhudzidwa ndi nsonga ya mpeni, siyenera kudyedwa.

Mukalandira mbale yanu mumakakhala pa mpanda wamiyala kapena pa masitepe otsikira ku gombe, ndipo apa m'pamene msikawu umaposa malo ena onse odyera amene ndikuwadziwa. Gombe la Mont-Saint-Michel ndi limodzi mwa malo amene nyanja imaphwa ndi kudzaza kwambiri mu Ulaya monse, moti pa masiku amene mwezi uli wathunthu kapena uli mu mdima kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumatha kufika mamita pafupifupi 14. Kawiri pa tsiku nyanja imabwerera m'mbuyo n'kusiya matope ndi mchenga, ndipo minda ya nkhono imavundukuka. Mumaona mizere italiitali ya matebulo achitsulo ofika cha m'mawondo kapena m'chiuno, ofanana ndi mathandala oyanikapo usipa kunyanja kwathu, ndipo pamwamba pake pamangiriridwa matumba apulasitiki a maukonde, thumba lililonse lili ndi nkhono zake. Mathirakitala okoka ngolo amatsika pa njira yotsetsereka imene ili pambali pa msikawo n'kulowa m'matopemo, ndipo anthu ovala nsapato zamphira zofika m'chifuwa amayamba ntchito mwachangu chifukwa akudziwa kuti madzi sadikira munthu.

Ntchitoyo ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera kwa wodya. Matumba amayenera kutembenuzidwa ndi kugwedezedwa kawirikawiri kuti ndere zimene zamera pamwamba zife ndi dzuwa, kuti nkhono zisamatirirane, komanso kuti m'mphepete mwa zigoba muzithyoka pang'ono, zimene zimachititsa kuti nkhono ikule yakuya m'malo mokula yaitali ndi yopyapyala. Nkhono zikakula, matumba amapita nawo kumtunda kukasankha ndi kuchepetsa chiwerengero m'thumba lililonse, kenako n'kuwabwezeranso ku nyanja, ndipo zimenezi zimachitika kangapo pa zaka zitatu kapena zinayi zimene nkhono imatenga kuti ifike pogulitsidwa. Ikatsala pang'ono kukololedwa, alimi amaisamutsira m'minda ya kumtunda kumene madzi amachokako nthawi yaitali tsiku lililonse. Kumeneko imazolowera kutseka zigoba zake zolimba kwa maola ambiri, mnofu wake umalimba, ndipo ikadzayenda ulendo wa pa galimoto kupita ku Paris siitaya madzi ake m'njira. M'katikati mwa tauni, kutsogolo kwa tchalitchi cha Saint-Méen, muli chiboliboli cha amayi awiri otsuka nkhono m'madengu, chokumbutsa kuti gawo lalikulu la ntchito ya kumtunda linkagwiridwa ndi amayi.

Nkhono zambiri za pa mabenchi ndi za mtundu wa chigoba chakuya umene Afalansa amautcha creuse. Kukula kwake kumalembedwa ndi manambala kuyambira 0 mpaka 5, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti nkhonoyo ndi yaikulu. Nambala 3, imene imalemera magalamu 66 mpaka 85, ndi imene anthu ambiri amagula, ndipo ndi imene ndingalangize munthu woyamba kumene, chifukwa imakwana m'kamwa kamodzi popanda kulimbana nayo. Za nambala 1 ndi 0 ndi zabwino kuphika kusiyana ndi kudya zaziwisi. Creuse ya ku Cancale ili ndi mchere wamphamvu wa nyanja yeniyeni, mnofu wake ndi wolimba bwino wofuna kutafuna, ndipo pambuyo pa mcherewo pamabwera kakutsekemera kochepa kamene munthu womeza osatafuna sangakamve. Ndikulangiza kutaya madzi oyamba amene ali m'chigoba n'kudikira pang'ono, popeza nkhono yamoyo imatulutsanso madzi ena ochepa mchere ndi okoma kuposa oyambawo. Ndimu ikachuluka imaphimba zonsezi, choncho nkhono ziwiri zoyambirira ndi bwino kuzidya popanda chilichonse.

Koma chifukwa chenicheni chopitira ku Cancale ndi nkhono ya mtundu wachiwiri, yobulungira ndi yaphanthiphanthi, imene amaitcha plate. Imeneyi ndiyo nkhono yachikhalire ya ku Ulaya, imene Aroma akale ankadya, ndipo gombe la Cancale ndi limodzi mwa malo ochepa kumene ikulimidwabe mochuluka. Iyo siikhala pa matebulo ngati inzake. Alimi amaifesa pansi pa nyanja m'madzi akuya amene saphwa, ndipo ikakhwima amaikolola ndi ngalawa zokoka chitsulo cha mano chokhala ndi thumba kumbuyo. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa creuse, ndipo ndikunena mosazengereza kuti ndalamayo siipita pachabe. Mnofu wake ndi wochepa koma wothithikana, mchere wake suli patsogolo, ndipo imasiya kakhambi pa lilime kamene kamakhalitsa munthu atameza kale. Si aliyense amene amaikonda pa ulendo woyamba, ndipo ndinaona anthu ena pa mpandapo akukwinya nkhope, koma amene wagula dazeni ya creuse yokha n'kubwerera kwawo wasiya chimene sangachipeze mosavuta kwina. Pa mabenchi ena, pa nyengo yake, pamapezekanso zikuluzikulu za mtundu womwewu zotchedwa pied de cheval, zina za zaka zoposa 10, zimene zimagulitsidwa imodziimodzi ndipo zimafuna mpeni ndi foloko. Izi ndi zochititsa chidwi kuziona, koma kwa ine plate ya msinkhu wapakati imakoma kuposa izo.

Kuchepa kwa plate kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi imene inaumba ulimi wonse wa nkhono ku France. M'zaka za m'ma 1800 ngalawa zambiri zamatanga za ku Cancale zinkatuluka pamodzi pa masiku ololedwa kukakokolola nkhono zomera zokha pansi pa gombeli, ndipo kuno ngati kwina konse kukololako kunapitirira muyeso. Chifukwa cha kutha kwa nkhono zachilengedwe, boma la Napoleon III linatuma katswiri wina, Victor Coste, kuti apeze njira zozilimira. M'chaka cha 1868 chombo chotchedwa Le Morlaisien, chimene chinanyamula nkhono za ku Portugal, chinabisala mphepo pa mathiriro a mtsinje wa Gironde n'kutaya katundu wake m'madzi poganiza kuti waola, koma zina zinali zamoyo ndipo zinaswana mpaka kudzaza gombe la kumadzulo. Nkhono ya Chipwitikiziyo inadyetsa alimi kwa zaka pafupifupi 100, kufikira pamene matenda anaipululutsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kuti ulimiwu usafe, anaitanitsa mtundu wa ku nyanja ya Pacific kuchokera ku Japan ndi ku British Columbia m'dziko la Canada, ndipo creuse ya lero ndi mbadwa ya nkhono zimenezo. Plate nayo inagwidwa ndi tizilombo tiwiri motsatizana, Marteilia kenako Bonamia mu 1979, moti lero pa nkhono 100 zilizonse zolimidwa ku France, zoposa 95 ndi za mtundu wa ku Pacific. Kuyambira mu 2008 kachilombo kena ka mtundu wa herpes kakhala kakupha ana a nkhono ambirimbiri nyengo yotentha. Munthu akadziwa zimenezi amayang'ana mitengo ya pa benchi ndi diso lina.

Tsono popeza mtundu wa nkhono ndi umodzi pafupifupi m'dziko lonselo, kusiyana kwa madera kumachokera ku madzi ndi ku manja a alimi, ndipo apa m'pamene msika wa ku Cancale sungakuthandizeni, chifukwa sugulitsa za kwina. Dera lotchuka kwambiri pa malonda ndi la Marennes-Oléron, m'chigawo cha Charente-Maritime kum'mwera kwa mzinda wa La Rochelle. Kumeneko nkhono ikakhwima m'nyanja siipita kumsika nthawi yomweyo, koma amakaisunga m'maiwe osaya a dothi la makande otchedwa claires, ambiri mwa iwo akale opangiramo mchere, m'mene madzi a m'nyanja amalowa pa masiku a kudzaza kwakukulu okha. Yotchedwa fine de claire imakhala m'menemo masiku osachepera 28 m'nyengo yozizira, ndipo imatuluka mchere wake utafatsa. Maiwe ena mumamera kandere kabuluu kotchedwa Haslea ostrearia, kamene kamasandutsa ziwalo zopumira za nkhono kukhala zobiriwira, ndipo nkhono yobiriwirayo inalandira chizindikiro cha boma cha zakudya zapamwamba chotchedwa Label Rouge mu 1989. Yodula kwambiri, pousse en claire, imakhala m'dziwe miyezi inayi kapena kuposerapo, nkhono zosapitirira zisanu pa sikweya mita imodzi, ndipo imanenepa mpaka kudzaza chigoba. Dzina la Marennes-Oléron linatetezedwa ndi lamulo la European Union mu 2009. Choncho kumeneko wogula amalipira ntchito yomalizitsa ndi dzina lolembedwa pa bokosi, pamene ku Cancale amalipira nkhono monga yatulukira m'nyanja. Ine ndimakonda ya ku Cancale chifukwa cha ukali wake, koma munthu amene mchere wambiri umam'bweza akhoza kuyamba ndi fine de claire ndipo sangalakwe.

Ku nyanja ya Mediterranean nkhani ndi ina. Kumeneko madzi saphwa kwenikweni, motero thirakitala ilibe ntchito. M'thamanda lalikulu lamchere la Thau, pafupi ndi mzinda wa Sète, alimi a ku Bouzigues ndi midzi yoyandikana nayo amamata nkhono zazing'ono pa zingwe ndi simenti, zitatuzitatu, n'kulendeweza zingwezo ku mitanda imene yaima pamwamba pa madzi. Nkhono zimakhala m'madzi usana ndi usiku, zimadya osalekeza, ndipo zimakula msanga kuposa za ku Brittany. Alimi ena a kumeneko amachita kuzitulutsa m'madzi ndi makina kwa maola angapo pofuna kutsanzira kuphwa kwa nyanja kumene anzawo a kumpoto amakupeza kwaulere. Ku Arcachon, kum'mwera chakumadzulo, madzi amafunda mokwanira kuti nkhono ziswane, choncho derali limadziwika ndi kugwira mbewu: amaika m'madzi mapale ofolerera nyumba opakidwa laimu kapena timbale tapulasitiki, ndipo ana a nkhono amadzamatirira pamenepo. Kagulitsidwe ka ku Arcachon nakonso n'kosiyana, chifukwa alimi ambiri amalandira alendo pa tinyumba tawo tamatabwa ta m'mbali mwa madzi, pali mipando ndi matebulo, buledi ndi batala, zimene ku msika wa ku Cancale kulibe.

Apa pali nkhani imene ndikufuna kuti wogula aliyense aidziwe, chifukwa zikwangwani za m'misika ya ku France sizikakamizidwa kuinena. Nkhono imayenda kwambiri pa moyo wake. Ikhoza kubadwira ku Arcachon kapena ku Charente, n'kukulira ku Normandy kapena ku Brittany, n'kukamalizira m'maiwe a ku Marennes, ndipo dzina limene imagulitsidwa nalo ndi la malo omalizawo. Ngakhale creuse ya ku Cancale nthawi zambiri imafika kuno ili kamwana kuchokera kwina. Komanso mbewu yambiri masiku ano imachokera m'nyumba zoswetsera, ndipo gawo lina ndi la nkhono zotchedwa triploid, zimene sizibereka. Nkhono wamba ikafika nyengo yotentha, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, imadzaza ndi mazira kapena umuna n'kukhala yamkakamkaka, ndipo ogula ambiri saikonda choncho, pamene triploid imakhala chimodzimodzi chaka chonse ndipo imakula msanga. Palibe choopsa pa kuidya, koma alimi ena amene amagwiritsa ntchito mbewu yobadwira m'nyanja yokha akhala akupempha kwa zaka zambiri kuti lamulo lizikakamiza kulemba kusiyanaku, ndipo ine ndili kumbali yawo, chifukwa wogula ali ndi ufulu wodziwa chimene akulipira. Ubwino wa msika ngati uwu ndi wakuti munthu amene angayankhe funsolo waima patsogolo panu. Nditafunsa pa benchi imene ndinagulapo, anandiyankha mosabisa za kumene mbewu yawo imachokera ndi zaka zimene nkhonozo zakhala m'gombeli.

Kufunika kwa zimenezi ndinakuona bwino pa lesitilanti ina ya mumzinda wa kutali ndi nyanja, kumene ndinalipira ndalama zochuluka kwambiri pa nkhono zisanu ndi imodzi zimene zinabwera zitatsegulidwa kalekale, madzi ake atauma, zitagonekedwa pa ayezi wambiri moti kuzizira kunapha kukoma konse. Woperekera zakudya sanathe kunena dera limene zinachokera, ngakhale kuti bokosi lililonse la nkhono limayenera kufika ndi chizindikiro chosonyeza amene anazilongedza ndi tsiku lake. Vuto la malo oterowo si mtengo wokha, koma kuti chakudya chimene ubwino wake wonse uli pa dera lake chimagulitsidwa ngati chilibe kwawo.

Kunja kwa France kusiyana kumakula kwambiri, ndipo kudya nkhono yaiwisi pa chigoba chake si khalidwe la dziko lonse lapansi. Dziko la China limalima nkhono zochuluka kuposa mayiko ena onse kuphatikiza pamodzi, ndipo zambiri zimaphikidwa, kuumitsidwa kapena kupangidwa msuzi wa m'mabotolo. Ku Hiroshima, kumene kumachokera nkhono zoposa theka za ku Japan, amazilendeweza pansi pa ziphaka zoyandama, ndipo zambiri zimafika m'sitolo zitachotsedwa kale m'zigoba kuti zikakazingidwe kapena kuphikidwa. Ku Gambia amayi amapalasa mabwato kulowa m'nkhalango za m'madzi za Tanbi pafupi ndi Banjul, n'kusadzula nkhono pa mizu ya mitengo, kenako amaziwiritsa n'kumazigulitsa pa kapu m'mbali mwa msewu. Owerenga amene ali ku South Africa akadya nkhono ku Cape Town kapena ku Johannesburg, nthawi zambiri imakhala ya mtundu womwe uja wa ku Pacific, yolimidwa ku Saldanha Bay kapena ku Namibia, ku Walvis Bay ndi Lüderitz. Madzi ozizira otchedwa Benguela, amene amayenda m'nyanja m'mbali mwa mayiko awiriwa, ali ndi chakudya chochuluka kwambiri moti nkhono zolendewera m'madengu zimafika pogulitsidwa pasanathe theka la nthawi imene za ku Cancale zimatenga, ndipo zimakhala zonenepa ndi zotsekemera, ngakhale kuti alimi a ku Namibia amavutika nthawi zina ndi mpweya wa sulufule wophulika kuchokera pansi pa nyanja, umene umapha mbewu zawo.

Pa za ukhondo, malamulo a ku Ulaya amagawa madzi olimamo nkhono m'magulu atatu, A, B ndi C, malinga ndi kuchuluka kwa tizilombo ta m'chimbudzi timene tapezeka m'nkhonozo, ndipo zochokera m'madzi a gulu B zimayenera kuyamba zakhala m'mathanki a madzi oyera zisanagulitsidwe. Ngakhale zili choncho ngozi siitheratu. Mu Disembala 2023, pa nthawi ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano imene Afalansa amadya pafupifupi theka la nkhono za chaka chonse, boma linaletsa kugulitsa za ku Arcachon ndi madera ena angapo chifukwa cha kachilombo ka norovirus, mvula yambiri itasefukiritsa madzi oipa m'nyanja. Amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndi bwino adye zophika. Amene akugula zopita nazo kunyumba amapatsidwa bokosi lamatabwa opyapyala lomangidwa zolimba. Nkhono zimayenera kugona mbali yakuya ili pansi, pamalo ozizira pakati pa madigiri 5 ndi 15, zitapsinjidwa kuti zisayasamule, osaziviika m'madzi ndiponso osaziika mufiriza, ndipo zikasungidwa choncho zimakhala bwino kwa mlungu umodzi.

Amene akufuna malo okhala mwaufulu adziwiretu kuti pamsikapa palibe mipando, palibe denga la ogula, ndipo mphepo ya ku nyanja ya English Channel m'miyezi yozizira imalowa mpaka m'mafupa, pamene m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti khamu limachuluka moti malo okhala pa mpanda ndi oimika galimoto amasowa. Mbalame za kunyanja zimazungulira pafupi ndipo sizichita manyazi ndi mbale yosiyidwa yokha. Mwambo wa pamalopo ndi wakuti mukatha kudya mumaponya zigoba kunsi kwa mpanda, pamene pali kale mulu waukulu woyera wa zigoba za anthu ena, koma makoko a ndimu amapita m'bini ndipo mbale imabwerera pa benchi imene munagulapo. Ndi bwino kutenga buledi wanu, kansalu kopukutira m'manja ndi chovala chotchinga mphepo. Nyengo yabwino ya nkhono zonse ziwiri ndi kuyambira Seputembala mpaka Epulo, ndipo musananyamuke yang'anani ndandanda ya kuphwa kwa nyanja ya doko la Cancale kapena Saint-Malo, chifukwa madzi akadzaza minda yonse imabisika ndipo mumangoona nyanja wamba. Sankhani tsiku loyandikira mwezi wathunthu kapena mwezi watsopano, pamene madzi a m'derali amaphweratu chakumasana, mufike kudakali ola limodzi kapena awiri kuti muone mathirakitala akutsika, ndipo mugule theka la dazeni la creuse nambala 3 ndi theka la dazeni la plate, muyambe ndi creuse.